Amayi Anachira Kutchalitchi Kokha

"Ndiye ndikawauze chiyani? Afunsanso."

Telala anaima pakhomo la kuchipinda, beseni la madzi ofunda lili m'manja, thawulo paphewa. Mwamuna wake anali pagalasi akulimbana ndi tayi. Linali Lamulungu m'mawa, belu loyamba litalira kale.

"Kawauze kuti adikire pang'ono."

"Ndinawauza zomwezo sabata yatha, ndi inzake ija. Mayi anu sakupempha galimoto, bambo. Akupempha Mgonero wa Ambuye. Inuyo ndinu amene mumanyamula chikho masana a Lamulungu, kuperekeza abusa khomo ndi khomo kwa odwala. Khomo lanu lokha ndiye lamera minga?"

"Tsitsa mawu, iwe."

"Nditsitsirenji? Makutu awo ndi abwinobwino. Chinafa ndi mwendo ndi mkono."

Mwamunayo anasiya tayi n'kutembenuka. Anali mkulu wampingo, ndipo ngakhale m'nyumba mwake ankayankhula ngati kutsogolo kwake kwadzaza mabenchi.

"Vuto lako iwe, zauzimu sizikulowa. Ine ndinaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kuchitira umboni kuti Mulungu wachiritsa mayi anga. Ndinanama? Sunawaone ndi maso ako, titangomaliza kusala kudya, akudzuka pabedi paja n'kuyenda okha mpaka pakhonde?"

"Ndinawaona. Ndinawaonanso akugwa kubafa sabata isanathe, inu muli kopempherera odwala a eni ake. Ndinawanyamula ndekha."

"Amenewo ndi mayesero. Satana akufuna kutilanda umboni. Ndikapita lero n'kukanena kuti Amayi agonanso, ukudziwa kuti ndi anthu angati agwe mphwayi? Alipo amene anabwerera kutchalitchi chifukwa cha umboni umenewu. Ukufuna ndimuchititse manyazi Mulungu?"

"Achite manyazi ndi Mulungu, kapena inu?"

Mkuluyo anapanira Baibulo kukhwapa, nayang'ana nsapato zake ngati zawala bwino.

"Wina akabwera, Amayi ali kwa mlongo wanga, akupuma. Tinagwirizana choncho. Akadzuka, ndiwatengera ndekha kutchalitchi, akalandire Mgonero ataimirira, aliyense akuona."

"Nanga akapanda kudzuka?"

"Mawu ngati amenewo ndi amene akuwagoneka pansi." Anatuluka, chitseko n'kuchimenyetsa.

Kunena zoona, Telala sankati mwamuna wake ndi wonyenga. Ankamuona akugwada m'mawa uliwonse mpaka mawondo a buluku kuyera. Koma chiperekere umboni uja, munthu anasintha. Abusa anamuika kukhala mtsogoleri wa oyendera odwala. Kusitolo ya zitsulo kumene ankagwira ntchito, anthu ankabwera kudzagula misomali n'kuchoka atasanjikidwa manja. Dera lonse linkadziwa kuti mayi ake a mkulu uja anachira. Amene sankadziwa ndi mayi akewo basi, komanso Telala amene ankawasambitsa.

Chipinda cha apongozi ake chinali kuseri, pafupi ndi khitchini. Katani yake sinkatsegulidwanso, poti zenera linayang'ana kanjira kamene anthu amadzera popita kutchalitchi. Munkamveka fungo la mafuta opaka, sopo ndi mkodzo, ngakhale Telala ankachapa zofunda mpaka zala kusupuka.

"Lero ndi Lamulungu," anatero apongozi. Lilime linali lolemera, mawu ankatulukira mbali imodzi ya pakamwa, koma Telala anali atazolowera.

"Ndi Lamulungu, Amayi."

"Wati bwanji mwamuna wako?"

"Ati mudikire pang'ono."

"Eya. Ndi wotanganidwa. Ntchito ya Mulungu."

Telala anawatembenuza chogonera kumanzere, n'kutsamiritsa pilo kumsana. Zilonda za m'chiuno zinali zitakula. Anazitsuka pang'onopang'ono ndi madzi amchere, apongozi ali chete, dzanja labwino litagwira chitsulo cha bedi. Mayi ameneyu anaimba kwaya ya amayi kuyambira ali mtsikana. Loweruka lililonse ankasesa m'tchalitchi, ndipo ngakhale tsiku limene anaika mwamuna wake m'manda, m'mawa mwake anakapezeka pabenchi pake.

Belu lachiwiri litalira, apongozi anatseka maso n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo yotsegulira mapemphero. Anaisiyira pakati, mpweya utawathera.

"Sindikufuna zambiri, mwana wanga. Kachidutswa ka mkate kaja basi, ndi anzanga andiimbireko nyimbo imodzi. Thupi ili ndikulimva ine. Ulendo wayandikira, ndipo sindikufuna kunyamuka ndi njala."

"Musayankhule choncho, Amayi."

"Nawenso wayamba zamwamuna wako?" Anaseka ndi theka la pakamwa. "Tandipatse tiyi."

Lachitatu masana Telala anali pakhonde, pamakina ake osokera, akupinda m'munsi mwa mayunifomu a ana asukulu. Ntchito inali itaunjikana. Makasitomala ena anali atatenga nsalu zawo n'kupita nazo kwina, ndipo iye sanawadandaule. Atadzutsa mutu anaona mayi wogulitsa makala akulowa pageti, akutsimphina, pepala lapulasitiki lili m'manja. Ameneyu anali mnzawo wa apongozi wa ponda apa nane mpondepo, woimba naye mzere umodzi kwaya kwa zaka zambiri.

"Odi kuno, atelala! Zipi ya diresi yanga yakwaya yandiukira. Ndikanenepa ikukana, ndikaonda ikukananso. Tandionereni."

"Khalani apa, amayi. Ndikonza pompano."

Mayiyo anakhala pa kampando, natambasula miyendo. Mawu ake anali aakulu, ozolowera kuitana ogula pamsika.

"Nanga mnzanga uja abwera liti? Wachira n'kutiiwala eti? Munthu kuchira osabwera n'komwe kudzatigwira chanza! Malo ake pabenchi ndikumusungirabe, ndimaikapo thumba langa. Atsikana a masiku ano akufuna kukhalapo, ine ndimati mwalemba m'madzi."

"Akadali kwa mwana wawo wamkazi," anatero Telala, maso ali pa zipi. "Akupuma."

Pomwepo m'nyumba munamveka kulira kwa chitsulo. Ngo! Ngo! Ngo! Inali kapu yachitsulo imene apongozi ankamenyetsa pabedi akafuna kuitana. Koma uku sikunali kuitana kwa masiku onse. Ankamenya mofulumira, mosalekeza. Anali atamva mawu a mnzawo.

Mayi wamakala anatembenuza mutu. "Muli munthu m'nyumbamo?"

Telala sanaganize n'komwe. Phazi linangopita lokha pa chopalasira. Anapalasa makina mwamphamvu, gudugudugudu, tebulo lonse n'kumanjenjemera, singano ikuthamanga pa diresi ya eni ake popanda ngakhale ulusi.

"Ndi mphaka, amayi!" anakuwa. "Amagwetsa ziwiya!"

"Ha! Mphaka ameneyo ngwamphamvu!"

Anapalasabe. Thukuta linatsika m'khosi. Mayi wamakala ankayankhula za mtengo wa zinthu ndi za bondo lake, iye n'kumangogwedeza mutu osamva kanthu. Khutu lake linali kuseri kwa khoma. Kapu ija inalira, inalira, kenako inayamba kudukiza, kenako inagwa pansi n'kugubuduzika. Atasiya kupalasa, m'nyumba munali zii. Pamsana pa diresi panali mzere wautali wa timabowo ta singano. Anasoka zipi ija, ndipo mayiyo anapita akuthokoza, nati akamupatsire moni mnzake.

Telala anakhala pamakinapo nthawi yaitali. Ankaopa kulowa m'nyumba yake yomwe.

Anawapeza apongozi atayang'ana kukhoma. Anatola kapu ija n'kuiika pampando.

"Ndamumva," anatero apongozi osatembenuka. "Bondo likumuvutabe?"

"Likuwavutabe."

"Wamuuza kuti ndili kuti?"

Telala anagwada pambali pa bedi. Anayankha motsitsa, mwamanyazi. "Kwa alamu anga. Ndi mmene anandiuzira bambo. Kutchalitchi onse akudziwa kuti munachira, Amayi. Anakachitira umboni tsiku lija munayenda mpaka pakhonde."



"Ooo," anatero apongozi. "Ndiye chifukwa chake. Ine ndimati mwina ndinawalakwira anzanga." Anapumira m'mwamba. "Ndiye kuti mwana wanga ndamuika pamoto."

"Simunalakwe chilichonse, Amayi."

"Pita ukasoke. Ana a eni ake akudikira mayunifomu."

Madzulo a tsikulo mwamuna wake anabwera kuchokera kusitolo nkhope ili gwa. Asanavule n'komwe nsapato, Telala anamuyamba.

"Lero ndanama mpaka ndachita kudzinyansa ndekha. Ndati mayi anu ndi mphaka. Mukundimva? Mphaka! Ndatopa, bambo. Msana wanga watopa, koma umenewo ndi wanga, ndipirira. Chimene sindingathenso ndi pakamwa panga. Ndikati ndipemphere, mawu akumandikakamira. Ndipemphere bwanji kwa Mulungu amene ndikumunamizira tsiku ndi tsiku?"

"Ukuganiza kuti ine ndikugona tulo? Abusa andifunsanso lero. Akufuna Amayi akangobwera adzaimirire kutsogolo, mpingo uwaone. Ndayambanso kusala kudya. Chikhulupiriro ndicho chikuchepa m'nyumba muno."

"Chikuchepa ndi mankhwala a zilonda. Tiyeni tiwatengere kuchipatala, kapena tiitane nesi wa m'dera lino adzawaone."

"Nesi uja mwamuna wake ndi mlembi wa mpingo. Likamatuluka dzuwa dera lonse likhala litamva."

"Ndiye awole mayi anu kuti dera lisamve?"

Mkuluyo anamuyang'ana ngati amumenye, koma sanali munthu womenya. Anamudutsa n'kupita kuchipinda cha kuseri. Anaima pakhomo, monga ankachitira masiku onse, poti fungo la m'katimo linkamudzutsira mseru. Anakweza dzanja, natseka maso, nayamba kupemphera. Kupemphera ankadziwa, zimenezo palibe angakane. Mawu ankatuluka okhaokha, mavesi akutsatana ngati mikanda. Anadzudzula matenda, anadzudzula kukayika, kenako anafuula:

"Amayi, dzukani! M'dzina la Yesu, dzukani muyende!"

Ndipo apongozi anayesadi. Telala anaona ndi maso ake. Dzanja labwino lija linagwira chitsulo cha bedi, mitsempha ya m'khosi inatupa, mutu unachoka pa pilo, phewa limodzi linanyamuka. Anakhala choncho akunjenjemera, mano atalumana, maso ali pa mwana wawo. Koma mwanayo maso anali atatseka. Kenako anagwera chagada, misozi ikutsikira m'makutu.

"Ameni," anatero mkuluyo. "Tisatope. Mawa tipitiriza."

Anapitirizadi, madzulo aliwonse akaweruka. Ndipo madzulo aliwonse mayi wokalambayo ankakoka chitsulo chija, mpaka chikhatho chinachita matuza. Telala ankawapempha kuti asamadzivutitse, iwo n'kumangoti, "Mwina lero." Za Mgonero anasiya kufunsa. Sabata yotsatira anayamba kubweza phala. Ankalandira sipuni ziwiri n'kutseka pakamwa. Nkhope inalowa m'kati, ndipo kapu ija sinkaliranso.

Lamulungu lina m'mawa, belu litalira, apongozi sanang'ung'udze nyimbo. Anangotsegula maso n'kuyang'ana katani, milomo ikugwedezeka. Telala anawerama kuti amve.

"Lero kuli Mgonero."

Sanapemphe, anangonena. Telala anatuluka n'kukaima kukhitchini, atagwira mpopi wa madzi osautsegula. Mkwiyo unali utamuthera kalekale. Chinatsala ndi kutopa kokhakokha, kwa munthu amene sakuopanso kanthu.

Masana dzuwa litapendeka anakhala pakhonde, makina atawaphimba. Kutsidya kwa msewu kunali nyumba ya bambo wina wopuma ntchito ya upolisi amene anadulidwa mwendo, ndipo oyendera odwala sankamudumpha. Posakhalitsa anawaona akubwera: abusa patsogolo, mwamuna wake pambuyo atanyamula kabokosi ka chikho ndi mkate mwaulemu ndi manja awiri, kenako amayi akwaya angapo, mayi wamakala akutsimphina kumapeto. Mwamuna wake sanayang'ane n'komwe kunyumba kwake. Analowa kwa wapolisi uja. Nyimbo inayamba, n'kuwoloka msewu, n'kulowa m'nyumba monse mpaka kuseri.

Telala anadzuka. Anatsegula geti n'kukaima pakati pa msewu, osavala nsapato, epuloni ili yonyowa. Atatuluka alendowo, abusa ndi amene anayamba kumuona.

"Amayi! Mwasowatu kutchalitchi. Kwagwanji?"

"Abusa, muno mulinso wodwala."

"Iwe," anatero mwamuna wake motsitsa. "Lowa m'nyumba."

"Ndilowa, bambo, koma ndilowa nawo. Abusa, apongozi anga sanapite kulikonse. Ali kuchipinda cha kuseri. Anagwanso kalekale, ndipo sadzadzukanso. Akhala akupempha Mgonero sabata ndi sabata. Ine ndakhala ndikunama. Amayi awa ndinawanamiza pakhonde langa lomwe."

Mayi wamakala anagwira pakamwa. "Mphaka uja?"

"Eya, amayi."

"Mayo ine!" Sanadikire kuti wina amuloleze. Anamukankha mkulu wampingo ndi phewa n'kulowa pageti, bondo ataliiwala.

Abusa anali munthu wachikulire, wosathamangira kuyankhula. Anamuyang'ana mkuluyo kwa nthawi. Mkuluyo anatsegula pakamwa.

"Abusa, ine ndimati... ndimayembekezera kuti Mulungu..."

"Tikambirana bwino. Panopa nyamulani bokosilo, mutitsogolere. Nyumba ndi yanu."

Kachipinda kaja kanadzaza. Mmodzi wa amayiwo anakoka katani n'kutsegula zenera, kuwala n'kugwera pabedi. Onse anaona mafupa a m'mapewa, matuza a m'chikhatho ndi mulu wa zofunda zochapa pakona. Palibe anagwira mphuno. Mayi wamakala anali atakhala kale pabedi, mutu wa mnzake atauika pamiyendo, akulira n'kumakalipa nthawi imodzi.

"Iwe, chitsiru cha munthu! Ine kumakusungira malo pabenchi, iwe uli pompano?"

"Bondo lako," anatero apongozi movutikira.

"Lisiye bondo langa!"

Anawaimbira nyimbo motsitsa mawu. Milomo ya apongozi inkatsatira, ngakhale mawu sankatuluka. Mkulu wampingo anaima pakhomo ndi bokosi lake, mpaka abusa anamukodola. Analowa. Anafika pafupi ndi bedi, pamene sanapondepo kwa masabata ambiri, n'kugwada kuti atsegule bokosilo.

Abusa anawerama. "Amayi, tisanalandire, pali chimene chikukulemerani mumtima, choti mutule kwa Ambuye?"

Telala ankayembekeza kuti apukusa mutu. Koma apongozi anayang'ana abusa, kenako mwana wawo, n'kuyamba kuyankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse akulikoka kutali.

"Chilipo. Mwana wangayu musamukalipire. Anapemphera kwambiri. Ine ndi amene ndalephera kuchira. Ndinayesetsa, abusa, Mulungu ndi mboni. Tsiku lililonse ndimayesa kudzuka, koma thupi likukana. Ndamuchititsa manyazi pamaso pa mpingo. Ambuye andikhululukire, nayenso andikhululukire."

 Mayi wina anatembenukira kukhoma n'kubisa nkhope m'manja.

"Amayi," anatero abusa, "kudwala si tchimo. Pamenepo palibe choti Ambuye akhululuke."

Ananyema mkate, koma apongozi sakanathanso kumeza. Abusa anatenga kanyenyeswa kakang'ono, n'kukaviika m'chikho, n'kuwaika palilime. Telala anawagwirira chibwano kuti pakamwa patsekeke. Anamva ndi zala zake pakhosi pakugwedezeka kamodzi. Apongozi anatseka maso, nkhope yonse n'kumasuka, ngakhale mbali yakufa ija.

"Akulu ampingo," anatero abusa, "titsekereni ndi pemphero."

Mkuluyo anaika chikho pambali. Anatseka maso. Anakoka mpweya monga ankachitira nthawi zonse asanayambe. Onse anaweramitsa mitu n'kudikira.

"Atate," anatero. Anaima. "Atate, ine..."

Palibe china chinatuluka. Mapewa anayamba kugwedezeka, mutu unatsika mpaka chipumi chinagunda chitsulo cha bedi, ndipo bambo wamkulu uja analira mokweza ngati mwana wotayika pamsika. Palibe anamuthandiza ndi vesi. Telala anamuyang'ana osamva kukoma kulikonse mumtima. Anangomva chisoni, ndi msana ukuwawa.

Dzanja la matuza lija linafufuza pabulangete mpaka linapeza mutu wa mkuluyo, n'kukhala pamenepo.

"Basi, mwana wanga," anatero apongozi. "Lero wapemphera. Ambuye amva."